Tifunseni: Njovu Imamwa Chiyani Kumene Mvula Sigwa?

Mwezi watha ndinalemba patsamba lino za zaka 9 zimene ndinkayendetsa lole yonyamula alendo odzaona malo, kuchokera ku Cape Town, kudutsa m'dziko la Namibia mpaka ku Victoria Falls. M'nkhaniyo ndinangotchulako pang'ono kuti ndinaonapo njovu m'chipululu cha Namib. Mawu ochepa amenewo ndi amene autsa makalata ndi mauthenga ambiri, kuposa nkhani ya misewu ndi zipata imene ndinaitayira nthawi. Ndasankhapo angapo. Zimene ndiyankhe pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga, zimene ndinamva kwa eni dziko, ndi zimene ndinkawerenga usiku m'tenti kuti alendo akandifunsa m'mawa ndisawanamize.

Achimwene, kwathu kuno mvula ikangodula milungu itatu, chimanga chimapota masamba, mbuzi n'kuyamba kuonda. Inu mwati kumeneko chaka chimatha osagwa mvula yonyowetsa ndi malaya omwe, koma zamoyo ziliko. Zimamwa chiyani? Komanso mwati chipululucho chagundana ndi nyanja. Madzi onsewo ali pomwepo, mvula ikanike bwanji? — Mayi wa ku Nsanje

Mayi, funso lanu lachiwirilo ndi limene linandisowetsa mtendere pa ulendo wanga woyamba. Tinafika mutauni ya Swakopmund madzulo, ine ndikuyembekeza kutentha konga kwa ku Bangula mwezi wa Okutobala. Ndinapeza kukuzizira, kunja kuli chifunga chokhachokha ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma pansi pali mchenga wouma, popanda ndi kaudzu komwe.

Chimene chimakaniza mvula ndi nyanja yomweyo. M'mbali mwa gombelo mumayenda madzi ozizira kwambiri ochokera kummwera, otchedwa Benguela. Paja mvula imabwera mpweya wofunda wachinyezi ukakwera kumwamba n'kukaundana kukhala mitambo. Kumeneko madzi ozizira aja amaziziritsa mpweya wa pansi, ndipo mpweya wozizira umalemera, sukwera. Chinyezi chake chimangosanduka chifunga chokwawa pansi, mphepo n'kumachikankhira kumtunda usiku ndi m'mamawa. Ku Swakopmund mvula ya chaka chonse sifika mamilimita 20, pamene Lilongwe imalandira oposa 800. Koma chifunga chimabwera masiku oposa 100 pachaka. Chipululuchi chakhala chouma chonchi kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, m'dera lotalika makilomita pafupifupi 2,000, kuyambira kummwera kwa Angola mpaka ku South Africa. Zamoyo zinapeza nthawi yokwanira yophunzira kumwa chifunga.

Kuli kachikumbu kena kakuda, kamiyendo italiitali, kamene usiku kamabisala mumchenga. Chifunga chikabwera mbandakucha kamatuluka, kuzizira kuli tsemwe, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka pamsana pa chitunda cha mchenga. Kakafika pamenepo kamazyolikitsa mutu, kumbuyo kuli m'mwamba, msana utapenya kumene mphepo ikuchokera. Timadontho timaundana pamsanapo, n'kumatsetsereka mpaka kukamwa. M'mawa umodzi kamatha kumwa madzi ofika pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwa thupi lake. Mary Seely ndi William Hamilton, ofufuza a pa malo otchedwa Gobabeb m'mbali mwa mtsinje wa Kuiseb, ndi amene analemba za khalidwe limeneli mu 1976. Ine ndinakaona kamodzi kokha m'zaka zonsezo, nditagona chafufumimba pamchenga wozizira pafupifupi theka la ola. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chipululu cha Namib chimafuna munthu wotero. Wothamanga amabwerako akuti kulibe kanthu.

Kachikumbu kakamwa, buluzi amadya kachikumbuko, njoka n'kudya buluzi, nkhandwe n'kudya zonsezo. Madzi a chifunga chimodzi amayenda choncho kuchoka m'mimba ina kulowa ina. Masana mchenga umatentha kupitirira madigiri 60, ndipo kuli buluzi wina amene amanyamula miyendo iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, n'kumasinthanitsa ngati akuvina, kuti mapazi asapse. Zikafika posauzana amadumphira mumchenga n'kumira ngati nsomba.

Nyama yaikulu imene mungaione pakati penipeni pa mchenga ndi gemsbok, imene ena amati oryx. Thupi lake ngati mphalapala, koma ndi yotuwa, kumaso kuli mawanga akuda ndi oyera, nyanga zili zoongoka ngati mikondo. Imatha masabata ambiri osamwa. Imadya usiku ndi m'mamawa pamene udzu wouma wayamwa chinyezi, imakumba mizu yamadzi, imadyanso mavwende am'tchire. Ndipo m'malo motaya madzi ndi thukuta, imalola thupi lake kutentha mpaka madigiri pafupifupi 45, magazi opita ku ubongo n'kumayamba aziziritsidwa ndi magazi ochokera m'mphuno.

Bambo, ana anga a Fomu 2 anaona chizindikiro cha dziko la Namibia m'buku ndipo anafunsa za chomera chimene chili m'munsi mwake. Ndinamva kuti chimakhala zaka 1,000 ndi masamba awiri okha. Ndi zoona? — Mphunzitsi wa sayansi, Dedza

Aphunzitsi, ndi zoona, ndipo anawo muwayamikire chifukwa ali ndi maso. Muwaonetsenso kuti pamwamba pa chizindikirocho pali nkhwazi, monga pa chathu cha Malawi, ndipo nyama ziwiri za m'mbalizo ndi gemsbok ndatchula uja.

Chomeracho ndi welwitschia. Dzinalo linachokera kwa Friedrich Welwitsch wa ku Austria, amene anachiona kummwera kwa Angola mu 1859, ngakhale eni dziko ankachidziwa kalekale. Aherero amati onyanga. Pa Chiafrikaans amati tweeblaarkanniedood, kutanthauza kuti masamba awiri osafa. Mukachiona koyamba mungaganize kuti wina wataya mulu wa makhwatha a nthochi pachitsa chopsa. Thunthu lake ndi lalifupi, lotambalala ngati mbale, ndipo m'mphepete mwake mumatuluka masamba awiri basi, omwe aja chinatulutsa chikadali chaching'ono. Sayoyoka, ndipo ena satulukanso. Amakulira kutsinde monga zikhadabo zathu, kunsonga akuuma, mphepo ikuwang'amba m'litali mpaka kuoneka ngati ndi makumi. Chilipo chachimuna ndi chachikazi, ndipo sichichita maluwa, chimabala tizibalobalo tonga ta paini. Mbewu zake zimamera pokhapokha kukagwa mvula yeniyeni, imene ikhoza kudumpha zaka zambiri.

Kummawa kwa Swakopmund kuli chimodzi chachikulu chimene anachitchingira ndi mpanda, chimene akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 1,500. Zina anazizunguliza ndi miyala kuti anthu asamaponde pafupi, poti mizu yake ina ili pamwambamwamba. Ndinkati ndikaima pamenepo n'kukumbukira kuti chomerachi chinalipo ufumu wa Maravi usanayambe, ndinkangokhala chete, alendo n'kumajambula zithunzi.

Anawo muwauzenso za !nara. Chizindikiro cha kutsogoloko chikuimira kaphokoso ka lilime ka m'chinenero cha eni ake. Ndi mbale wake wa zipwete ndi maungu, koma alibe masamba, ndi minga yobiriwira yokhayokha, mizu yake n'kupita pansi kwambiri kukapeza madzi. Chipatso chake n'chachikulu ngati dzira la nthiwatiwa, chaminga kunja. Anthu a mtundu wa Topnaar, okhala m'mbali mwa Kuiseb, amachiphika, phala lake n'kuliyanika kuti lisungike, nthanga zake n'kumadya kapena kugulitsa. Nkhandwe nazo zimadya chipatsocho n'kukafesa nthangazo kutali.

Achimwene, ine ndimalima kufupi ndi nkhalango yosungirako nyama. Chaka chatha njovu zinandidyera chimanga usiku umodzi wokha, munda wonse. Ndiye ndikamva anthu akutamanda njovu mtima umandiwawa. Njovu za kuchipululuzo zimadya chiyani, ndipo anthu a kumeneko amakhala nazo bwanji osaphana? — Mlimi wa m'chigawo chapakati

Bambo, pepani kwambiri. Inenso tsopano ndine mlimi kwathu ku Balaka, ndipo ndikudziwa kuti munda ukapita, papita thukuta la miyezi isanu, ngongole ya feteleza ndi fizi ya ana. Sindikuuzani kuti muzikonda njovu. Ndikuuzani zimene ndinaona.

Njovuzo si mtundu wina ayi, ndi zomwezi za ku Liwonde ndi ku Kasungu, kungoti zinaphunzira dziko lawo. Zimakhala kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, m'mitsinje youma monga Ugab, Huab, Hoanib ndi Hoarusib. Mitsinje imeneyi imayenda masiku owerengeka pachaka, mvula ikagwa kumapiri a kummawa, zaka zina osayenda n'komwe. Koma pansi pa mchenga madzi amakhalapo, ndipo m'mbali mwake mumamera mitengo imene inu mukuidziwa bwino: nsangu, womwewu timausiya m'minda kuti uwonjezere chonde, ndi tsanya wa ku Liwonde ndi kuchigwa cha Shire. Makoko a nsangu akayamba kugwa m'chilimwe, njovu, akadyamsonga ndi mbuzi za anthu zonse zimadalira pomwepo. Njovu ya kwathu kuno imamwa tsiku ndi tsiku malita oposa 100. Ya kumeneko imatha masiku atatu kapena anayi osamwa, n'kuyenda makilomita makumimakumi, kawirikawiri usiku, kuchoka pamadzi ena kupita pa ena. Imatsogolera ndi njovu yaikazi yaikulu, imene imakumbukira kasupe aliyense, ngakhale amene inamwapo zaka zambiri zapitazo.

Tsiku lina tinagona pafupi ndi phiri la Brandberg, lalitali kwambiri m'dzikomo, ngakhale silifika pa Sapitwa wathu. M'mamawa tinatsikira mumtsinje wa Ugab n'kupeza njovu zisanu ndi kamwana. Yaikuluyo inkapalasa mchenga ndi phazi, kenako n'kumafukula ndi chitamba, chimodzimodzi mmene amayi athu amafukulira madzi mumchenga wa Rivirivi mwezi wa Okutobala. Itakumba inaima n'kudikira kuti madzi adzadze, kamwana kakukankhakankha, iyo n'kumakabweza ndi mwendo kuti kasagumule dzenjelo. Zitachoka kunabwera anyani ndi mbalame kudzamwa pomwepo.

Tsopano za anthu. Kumeneko minda ndi yochepa, chuma ndi mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mkangano waukulu uli pamadzi. Njovu ikanunkhiza madzi imazula mapaipi, kuboola thanki, kugwetsa chopopera madzi. Ndinafikapo pakhomo pa gogo wina wa mtundu wa Damara amene anali atakhala milungu iwiri akutunga kutali pa ngolo ya abulu, njovu zitamuswera thanki. Nkhope yake inali ngati mmene ndikuganizira yanu polemba kalatayi. Bungwe lotchedwa EHRA, limene linayamba mu 2003, limamanga zipupa zamiyala zokhuthala kuzungulira mathanki ndi mijigo, n'kusiya pena pomwera njovu chapatali ndi nyumba. Zimathandiza, koma sizifika pakhomo lililonse.

Chimene chinasintha kwambiri zinthu ndi lamulo. Kale, m'nthawi ya ulamuliro wa South Africa, nyama zonse za m'madera a anthu akuda zinali za boma, mwini mudzi akapha ngakhale mbawala anali wakuba. Cha m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980 nkhondo, mfuti zambiri ndi chilala choopsa zinatsala pang'ono kumaliza njovu ndi zipembere. Pamenepo katswiri wosamala zachilengedwe Garth Owen-Smith, pamodzi ndi mafumu monga Joshua Kangombe, anayambitsa alonda a nyama osankhidwa ndi mafumu okha, anthu a m'mudzi momwemo, ena mwa iwo alenje odziwika. Namibia italandira ufulu mu 1990 inaika chisamaliro cha chilengedwe m'malamulo ake aakulu, ndipo mu 1996 inakhazikitsa lamulo lolola midzi kupanga zimene amati conservancy. Anthu a dera amagwirizana malire, amalembetsa mamembala, amasankha komiti, boma n'kuwapatsa mphamvu pa nyama za m'deralo. Ndalama zochokera ku malo ogona alendo ndi kwa alenje olipira, ntchito, ndi nyama yogawana, zimapita kwa iwo. Zoyamba zinayi zinalembetsedwa mu 1998, imodzi mwa izo ndi Torra ya m'dera la njovu zomwezi. Lero zilipo 86, ndipo zatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonselo. Mulibe mipanda. Njovu, ng'ombe ndi ana asukulu amayenda njira imodzi.

Musamve ngati kumeneko zonse zili myaa. Dera limene lili ndi malo okongola ogona alendo limapeza ndalama, lina lopanda alendo limangolandira mavuto a njovu okhaokha. Chipukutamisozi chilipo, koma n'chochepa poyerekeza ndi mtengo wa chiweto, ndipo anthu amadandaula kuti chimachedwa. Komanso Namibia ndi yaikulu pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa Malawi koma ili ndi anthu 3 miliyoni okha, ife tikupitirira 20 miliyoni, minda yathu yagundana ndi mipanda ya nkhalango. Sitingangotenga njira yawo n'kuibzala kuno. Chimene ndinatolako ine n'chakuti gogo uja, ngakhale anali wokwiya, ankadziwa khomo loti agogode, anali ndi mawu pamsonkhano wa pachaka, ndipo mdzukulu wake ankalandira malipiro monga mlonda wa nyama zomwezo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu ngati inu ndi amene ayenera kukhala patsogolo pokambirana za mpanda, za chipukutamisozi ndi za ndalama za alendo, osangouzidwa zitatha.

Malume, ndinamva kuti chipembere cha kumeneko chimadya mtengo wapoizoni osafa. Ndiye kuti nyanga yake ndi mankhwaladi? — Wophunzira wa Fomu 4, Mchinji

Mphwanga, mbali yoyambayo wamva bwino, yachiwiriyo ayi. Mtengowo ndi mbale wake wa nkhadze imene timatchingira manda ndi makola, dzina lake Euphorbia damarana. Umamera m'miyala ngati chitsamba chachikulu chotuwa, wopanda masamba, utomoni wake woyera ngati mkaka. Ukalowa m'maso ukhoza kuchititsa khungu, ndipo eni dziko amachenjeza kuti usayerekeze kuwotchera nyama nkhuni zake. Koma chipembere chakuda chimaudya bwinobwino, makamaka m'chilala, gemsbok nayonso imadya. Imeneyo ndi mphamvu ya m'mimba mwake, sizikhudzana ndi nyanga. Nyanga ya chipembere inapangidwa ndi zomwezo zimene zinapanga tsitsi ndi zikhadabo zako. Sichiza nthenda iliyonse. Anthu ena ku Vietnam ndi ku China amaigula pa mtengo wokwera chifukwa cha zikhulupiriro ndiponso kufuna kuonetsa chuma, ndipo ndalama imeneyo ndi imene imatuma anyamata osauka a kuno ku Africa kukafera kutchire kapena kukavundira kundende.

Dera la Kunene, kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, lili ndi gulu lalikulu kwambiri padziko lonse la zipembere zakuda zokhala momasuka, kunja kwa mpanda. Bungwe la Save the Rhino Trust, limene Blythe Loutit ndi anzake anayambitsa mu 1982, lili ndi anthu olondola mapazi amene amayenda pansi masiku ambiri m'miyala yotentha. Chipembere chilichonse amachidziwa ndi maonekedwe a nyanga ndi zipsera za m'makutu, n'kumalemba m'kabuku. Mu 1989 Namibia inakhala dziko loyamba kudula nyanga za zipembere zamoyo kuti opha mozemba asowe chowakopa. Chipembere amachigoneka ndi mankhwala, ndipo nyangayo imameranso.

Kuno kwathu zipembere zinatheratu, mpaka zina zinachita kubwera kuchokera ku South Africa kudzaikidwa ku Liwonde mu 1993, kenako ku Majete mu 2003, ndi zina 17 ku Liwonde mu 2019. Ngati sukulu yanu ingakonze ulendo, pita ukazione.

Akulu, kuno tinamva pa nkhani kuti boma la Namibia linalamula kuti nyama mazanamazana ziphedwe n'kugawira anthu. Inu mukuwatama kuti amasamala nyama. Chisamaliro chake n'chimenecho? — Mmalawi wokhala ku Johannesburg

Achimwene, munamva zoona. Mu Ogasiti 2024 boma la Namibia linalengeza kuti lipha nyama 723: mbidzi 300, nyumbu 100, ntchefu 100, njovu 83, njati 60, nswala 50 ndi mvuu 30. Chinali chaka cha chilala cha El Niño, chomwe chija chinachititsa kuti kuno kwathu maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi mu Malichi chaka chomwecho. Boma lawo linati nyamayo ipita kwa anthu anjala, ndiponso kuti msipu ndi madzi zachepa moti nyama zambiri zifa ndithu. Mabungwe ena, makamaka akunja, anatsutsa kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Za mbidzi, nyumbu ndi nswala sindikuona cholakwa, malinga ngati anawerenga bwino ndipo nyamayo inafikadi m'miphika ya osauka. Nyama zimenezi zimaswana msanga mvula ikabwerera, ndipo mayi amene mwana wake wagona ndi njala simungamuuze kuti mbidzi ifere yokha padzuwa miimba idye. Pa njovu ndimazengereza. Njovu imatenga bere miyezi 22, imabereka patapita zaka zinayi kapena kuposa, ndipo za m'mitsinje youma zija n'zochepa kwambiri. Kumene njovu zachuluka, kuchotsa zingapo sikugwetsa gulu. Koma ku Ugab kapena ku Hoanib, kupha yaikazi yaikulu imodzi n'kufafaniza chikumbukiro cha akasupe onse amene inkawadziwa. Choncho funso langa silikhala lakuti zaphedwa zingati, koma zaphedwa ziti, kuti, ndipo wasankha ndani.

Nkhani ya mikango ikuonetsa kulemera kwa zimenezi. M'chipululu chomwecho muli mikango imene wofufuza wina, Philip Stander, wakhala akuitsata kuyambira cha m'ma 1998. Imatha nthawi yaitali osamwa, ndipo ina inafika pophunzira kugwira mbalame ndi nyama za m'nyanja zotchedwa seal, zonga akatumbu aakulu, kugombe la Skeleton Coast. Kunali mikango isanu yaimuna yobadwira pamodzi imene inatchuka dziko lonse lapansi. Chilala chitachepetsa nyama zam'tchire inayamba kulowa m'makola, ndipo pakati pa 2016 ndi 2017 yonse isanu inaphedwa, umodzi ndi mfuti, ina ndi poizoni. Akunja analira mikango. Ine ndinalira mikangoyo, ndinaliranso mwini mbuzi, poti munthu wa mbuzi 30 zikagwidwa 15 usiku umodzi, ndiye kuti nkhokwe yake yapsa. Kuchokera nthawi imeneyo kwawonjezeka alonda a mikango ochokera m'midzi momwemo. Mikango ina anaiveka makolala otumiza uthenga, ikayandikira mudzi abusa amachenjezedwa, ndipo makola ambiri anawamanga aatali, okutidwa ndi nsalu yokhuthala kuti mkango usaone za m'kati. Imfa zachepa m'malo ena, koma chilala chikabwera mkangano umabukanso.

Mwanawe, mdzukulu wanga anandionetsa pafoni timabwalo tambirimbiri tozungulira m'chipululumo, ngati wina anachita kusesa. Kodi si za mizimu zimenezo? — Gogo wa ku Ntchisi

Agogo, anthu a mtundu wa Himba a kumeneko nawonso amati ndi mapazi a Mulungu wawo. Timabwaloto tilipodi, mamiliyoni, tina totambalala mamita awiri, tina kupitirira khumi, pakati pali mbee, m'mphepete muli udzu wautali. Ophunzira agawanika pawiri. Norbert Jürgens analemba mu 2013 kuti ndi chiswe cha mumchenga chimene chimadya mizu ya udzu wa pakatipo, kuti madzi a mvula asungike pansi chizimwa chaka chonse. Stephan Getzin ndi anzake amati ndi udzu womwewo umene umalimbirana madzi, wa m'mphepete n'kuyamwa chinyezi chonse, wa pakati n'kufa. Mkanganowo ukadalipo. Ine ndinakhalapo pakati pa kamodzi n'kudya nkhomaliro, ndipo ndinaona nyerere ndi mapazi a gemsbok.

Achimwene, ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndikaone malo amenewa ndi galimoto yanga. Ndidzere kuti, ndipo ndisamale chiyani? — Wabizinesi wa ku Mzuzu

Bambo, njira yake ndi ya ku Chipata, Lusaka, Livingstone, Sesheke, n'kuwoloka mlatho wa Zambezi kulowa ku Katima Mulilo. Kuchoka apo ndi Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo, mpaka kunyanja ku Swakopmund. Ndi ulendo wa masiku angapo, musaupanikize. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Seputembala, koma tengani juzi ndi bulangete, usiku kumazizira koopsa. Misewu yambiri ya m'chipululu ndi yamiyala, choncho matayala apadera akhale awiri, madzi akumwa akhale ochuluka kuposa mmene mukuganizira, ndipo paliponse mwapeza mafuta thirani. Musagone pakati pa mtsinje wouma ngakhale pali mthunzi wabwino. Madzi saiwala khwawa, amatha kufika usiku kuchokera ku mvula imene inagwa kutali inu osaiona. Mukakumana ndi njovu mumtsinje, zimitsani injini patali, muzisiyire njira.

Mukafike ku Sesriem, kummwera chakummawa kwa Swakopmund, mulowe chipata cha malo otetezedwawo chikangotsegulidwa, muyende makilomita pafupifupi 60 mpaka ku Sossusvlei. Kumeneko kuli zitunda za mchenga wofiira zotalika kupitirira mamita 300, ndi chigwa choyera cha Deadvlei, mmene mwaima mitengo yakuda imene inafa zaka zoposa 600 zapitazo mchenga utatseka njira ya mtsinje wa Tsauchab. Kuuma kwake n'koti mitengoyo inalephera ndi kuola komwe. Dera lonselo la mchenga linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2013.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: musachoke mumsewu. Kumpoto kwa Swakopmund, cha ku Wlotzkasbaken, kuli zigwa za timiyala zimene zimaoneka ngati pabwalo popanda kanthu. Pamenepo pamera ndere, zimene zimamwa chifunga chokha n'kumakula pang'ono kwambiri pachaka. Masana zimaoneka zakufa, koma mukathirapo timadzi zimatambasuka n'kusintha mtundu inu mukuona. Ndi zimene zimagwira dothi kuti lisauluke, ndipo kambalame kotchedwa Damara tern kamaikira dzira lake limodzi pansi m'zigwa za m'mbali mwa gombe lomwelo.

Chaka changa choyamba, mlendo wina anandipempha kuti ndiyandikize lole pamalo ena kuti ajambule bwino dzuwa likulowa. Ndinakhota, n'kuyenda mwina mamita 200 kunja kwa msewu, n'kuzungulira kubwerera. Madzulo ake mnzanga wa ku Namibia amene tinkagwira naye ntchito anandikhazika pansi n'kundifotokozera chimene ndinaponda. Pa ulendo uliwonse wotsatira ndinkachepetsa liwiro pamalopo n'kuyang'ana kudzanja lamanja. Pa ulendo wanga womaliza, patatha zaka 8, mizere iwiri ya matayala anga inali ikuonekabe, pamodzi ndi pamene ndinakhotera.